Rozi mu Vinyo wa Bijan

Gulu: Kwathu
Pegah, Bijan, Amayi Mahvash

Lachiwiri

[9:12] Amayi Mahvash: bijan

[9:12] Amayi Mahvash: bijan chinthu chako chikulira

[9:15] Pegah: amayi ndili mkalasi. chinthu chanji

[9:16] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 0:38] Pegah mwana wanga, mwamuna wakoyu foni amayendera nayo chiyani ngati sayankha amayi ake omubala? Ndikunena chibotolo chija chili mu kabati ya pakhonde, cha vinyo wanu uja. Ndimati ndikathirire mbewu zanga za m'zitini, ndangomva siii ngati njoka. Ndavundukula bulangete. Kapaipi kokhota kali pamwamba kaja, kamene kamachita bulubulu tsiku lonse, lero kali zii. Kadzaza thovu lofiira.

[9:17] Bijan: amayi mawu amenewo ayi

[9:17] Bijan: pafoni timati VINIGA. tinagwirizana, muno mu Iran ndi mlandu

[9:17] Bijan: fufutani plz

[9:18] Amayi Mahvash: sindidziwa kufufuta

[9:18] Pegah: zofufuta pambuyo. amayi jambulani chithunzi tione

[9:21] Amayi Mahvash: [chithunzi]

[9:21] Bijan: amenewo ndi mapazi anu

[9:23] Amayi Mahvash: [chithunzi]

[9:24] Bijan: ii

[9:24] Bijan: kapaipi katsekeka. mpweya ukusowa potulukira

[9:25] Pegah: ndi timaluwa tija. achimwene anga Kaveh ananena bwinobwino potipatsa bokosi lopangira viniga kuti timange mu kansalu kaye kenako tiponyemo. iwe unangokhuthula

[9:25] Bijan: pepala la mbokosi linati ingowazani pamwamba

[9:26] Pegah: pepala silinapangepo viniga. Kaveh wapanga kangati ku Toronto

[9:26] Bijan: dikira kaye

[9:27] Bijan: mbokosi la alamu munali kapaketi kamodzi. timaluwa toyera tingonotingono, tosadzaza ndi supuni ziwiri zomwe

[9:27] Bijan: izi pachithunzi nzofiira, zikuluzikulu, zadzaza khosi lonse la botolo

[9:27] Bijan: zachokera kuti

[9:29] Pegah: amayi?

[9:33] Bijan: amayi tikuona kuti mwawerenga

[9:35] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 1:02] Chabwino, musandizungulire ngati ndaba nkhuku. Ndinathiramo ine, dzana, inu muli ku ntchito. Maluwa a rozi ouma, a ku Kashan aja timawaza pa yogati. Manja awiri basi. Kaya atatu. Ndinanunkhiza kapaketi ka timaluwa tachizungu tija, fungo la udzu wonyowa. Malemu bambo ako, Bijan, ku Shiraz ankathira rozi chaka ndi chaka mu mtsuko wawo waukulu uja, sunaphulikepo. Ine sindimwa, mukudziwa, ndiponso munandiuza kuti ndi viniga ine n'kuvomera ndi pakamwa pokha. Koma chinthu chikakhala m'nyumba imene ndikugonamo chizinunkhira ngati cha anthu.

[9:36] Bijan: amayi mtsuko wa abambo unali ndi kamwa lolowa mutu wa munthu. ankatakasa ndi mtengo tsiku ndi tsiku

[9:36] Bijan: ili ndi botolo lagalasi. malita 23. khosi lake ngati la nkhuku

[9:37] Bijan: ndiye nchifukwa chake chotsekera chimangodzitulukira mmawa

[9:37] Pegah: chimadzitulukira?

[9:38] Bijan: eya. kawiri. ndiye ndachimanga

[9:38] Pegah: wachimanga ndi chani

[9:39] Bijan: waya

[9:39] Pegah: Bijan

[9:39] Bijan: ndimathamangira basi ya ku ntchito. sindinavundukule bulangete lonse, maluwawo sindinawaone

[9:40] Pegah: ndiye kuti mpweya ulibe kotulukira paliponse. galasi liphulika

[9:40] Pegah: amayi chokaniko pakhondepo. tsekani chitseko

[9:41] Pegah: ndamuimbira Kaveh sakuyankha. kwawo ndi usiku

[9:42] Bijan: ndikupempha galimoto ya Siavash mnzanga wa pano. koma kuchoka ku Karaj kuno kufika kunyumba nthawi ngati ino ndi ola ndi theka, msewu ukakhala wachifundo

[9:42] Bijan: silidikira ola ndi theka

[9:43] Bijan: likaphulika pakhonde nyumba yonse imva. anthu atuluka, wina aimbira apolisi poganiza kuti ndi gasi

[9:43] Pegah: ndiye ukufuna kunena chani

[9:44] Bijan: wayayo adulidwe pompano

[9:44] Pegah: ndi amayi ako a zaka 68? ayi

[9:44] Pegah: ndibwera ndine

[9:45] Bijan: utuluka bwnj pakati pa mayeso a ana. a hedi ukawauza kuti chani

[9:47] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 0:21] Mwatha kukangana? Ndathira ndine, ndidula ndine. Pulayala ili kuti? Ndipo iwe Bijan usandiyankhe ngati ukuyankha wantchito wako. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, chinthu ichi unachilowetsa m'nyumba ndiwe.

[9:48] Bijan: mu dilowa ya pansi pa chitofu

[9:48] Bijan: valani magalasi anu owerengera. kutani botolo ndi thaulo lalikulu lonyowa. nkhope iyangane kumbali

[9:49] Bijan: musachotse chotsekera nthawi imodzi. dulani waya, gwirani ndi dzanja, mpweya uzituluka pangonopangono

[9:49] Pegah: ndipo muwerame, a nyumba ya kutsidya asakuoneni

[9:49] Pegah: amayi ngati mukuopa siyani. galasi ndi galasi

[9:50] Amayi Mahvash: ndikuopa koma ndapita

[9:54] Pegah: amayi zili bwnj

[9:56] Bijan: amayi

[9:57] [Bijan waimba, foni sinayankhidwe]

[9:58] [Pegah waimba, foni sinayankhidwe]

[9:58] Pegah: ndatuluka mkalasi ndili ku toilet

[9:59] Pegah: Bijan akavulala sindidzakukhululukira

[9:59] Bijan: ndili mgalimoto. ndikuimbabe

[10:01] [Bijan waimba, foni sinayankhidwe]

[10:04] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 0:55] Ndili moyo, siyani kuimba, foni ikuterera m'manja. Galasi silinasweke. Koma mwana wanga, zoti gwirani ndi dzanja zija ukanabwera udzagwire wekha. Ndangoti waya dulu, chotsekera chija phuu, kaya chagwera kwa yani. Chinthu chathovoka mpaka kudenga. Ndanyowa kuyambira mpango mpaka masokosi, ndikununkha ngati chidakwa cha pamsika, ine mkazi woswali kasanu. Maluwa ali paliponse, kudenga, pakhoma, m'makutu mwanga momwe. Ndipo likutulukabe, silinasiye.

[10:04] Pegah: zikomo Mulungu

[10:05] Pegah: simunachekeke paliponse?

[10:05] Amayi Mahvash: ayi

[10:05] Bijan: ok ok. zabwino. zangotayika zingati

[10:06] Pegah: ukufunsa zimenezo ndithu?

[10:06] Bijan: ndikufunsa kuti ndidziwe zikupita kuti. amayi zikulowa mu kabowo ka madzi ka pakona?

[10:08] Amayi Mahvash: kabowo katsekeka ndi maluwa

[10:08] Amayi Mahvash: zikusefukira kumphepete

[10:08] Bijan: kumphepete kwake kuti

[10:09] Amayi Mahvash: pansi

[10:09] Pegah: pansi pathu ndi khonde la mayi Batul

[10:09] Pegah: Bijan pansi pathu ndi kwa amuna awo, a Haji Mozaffari

[10:10] Bijan: ndikudziwa amene amakhala pansi pathu

[10:10] Bijan: amayi tsekani mphepete ndi mathaulo onse. zofunda, makatani, chilichonse. chotsani maluwa pa kabowo ndi zala

[10:11] Pegah: suzumirani pangono. ayanika kanthu?

[10:15] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 0:27] Ayanika. Malaya awiri a Haji, mkeka woswalira, ndi chador, nsalu yoyera ija Batul amafunda poswali. Yoyera ija ya timaluwa tabuluu. Tsopano ili ndi mizere yofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Madzi akatayika sawoleka, ana inu.

[10:16] Bijan: mwina sali pakhomo

[10:16] Pegah: mayi Batul amapita kuti mmawa

[10:17] Bijan: a Haji ali ku ntchito ku khoti mpaka masana. tili ndi nthawi

[10:17] Bijan: amayi kazingani anyezi wambiri. fukizani lubani. tsegulani mawindo a kumsewu, a kukhonde ayi

[10:18] Pegah: asinthe kaye zovala

[10:22] Amayi Mahvash: belu

[10:22] Bijan: musatsegule

[10:22] Pegah: musayankhe. zimitsani wailesi

[10:23] Amayi Mahvash: akugogoda

[10:23] Bijan: mulibe anthu. mwapita ku chipatala

[10:24] Amayi Mahvash: nsapato zanga zili panja pa chitseko

[10:24] Pegah: mayo

[10:31] Pegah: amayi, wogogodayo wapita?

[10:34] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 1:19] Anali Batul, watsika. Sindinatsegule, walankhulira pachitseko. Ndikuuzeni mmene wanenera. Akuti, Mahvash, ndikudziwa muli momwemo. Sindinabwere kudzakangana za nsalu, nsalu imachapidwa. Ndimaanula zovala, zandidonthera pamutu, m'manja, pa diresi, pa mkeka, ndapondamo n'kulowa nazo m'nyumba. Ndiuzeni chinthu chimodzi chokha. Ndi viniga? Ngati ndi viniga ndi choyera, ndingotsukuluza, masana ano ndiswali mmene ndililimu. Ngati si viniga mundiuze, ndisakaime pamaso pa Mulungu ndili ndi najisi, chinthu chodetsa, m'thupi. Chimene munene ndikhulupirira. Wati andidikira kwawo azana yoitanira swala ya masana isanalire.

[10:35] Bijan: ndiye zatha

[10:35] Bijan: atipatsa okha njira. tsikani muwauze kuti ndi viniga

[10:35] Bijan: muwatengere sopo ndi maswiti aja a mufiriji. mupepese kwambiri

[10:36] Pegah: eya amayi. aliyense amapanga viniga nyengo ya mphesa ino

[10:40] Bijan: amayi mwamva?

[10:43] Amayi Mahvash: ndamva

[10:43] Bijan: ndiye?

[10:45] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 0:44] Iwe Bijan unasiya kuswali uli ku sekondale, ndiye sukumva chimene wandifunsa mayi uja. Sanafunse kuti m'nyumba mwanu muli chiyani. Wafunsa ngati angaime pamaso pa Mulungu. Ndikati viniga, afunda chador yonyowa vinyo, agwetsa mphumi pa mkeka wonyowa vinyo, lero, mawa, mkuja, chifukwa cha mawu anga.

[10:45] Bijan: AMAYI MAWU AMENEWO

[10:46] Bijan: sory. koma mvetserani. munthu akapanda kudziwa alibe tchimo. shehe aliyense akuuzani zomwezo. pemphero lawo lilandiridwa

[10:47] Amayi Mahvash: iye alibe tchimo nanga ine

[10:47] Bijan: inu mupulumutsa mwana wanu

[10:48] Pegah: amayi ndilankhuleko ine. a Haji amagwira ntchito ku khoti. mayi Batul sabisira amuna awo kanthu, ngakhale mtengo wa tomato amawauza. akadziwa iwo, madzulo ano pakhomo pathu pali apolisi

[10:49] Pegah: Bijan ndi zikwapu. zenizeni, pamsana. ine ndimaphunzitsa sukulu ya boma, dzina langa likangomveka ku khoti ntchito yatha

[10:49] Pegah: ndikulemba ndikulira. chonde

[10:51] Amayi Mahvash: usalire mwana wanga

[10:51] Pegah: nanga mukati ndi viniga koma sanapse bwino? si bodza lenileni

[10:53] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 0:49] Batul si mwana. Viniga asanakhale viniga amakhala chiyani? Akudziwa iye, ndikudziwa ine. Mayi ameneyu chifikireni ine mu Tehran muno ndi yekhayo amene amakwera masitepe kudzamwa nane tiyi. Inu mumatuluka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Tsiku limene shuga anandigwetsa m'bafa amene anathyola chitseko ndi iye. Akanandifunsa ngati mwana wanga ndi wakuba ndikanamunamiza osaphethira. Koma izi ayi, sindikudziwa ngati pakamwa panga patulutse.

[10:54] Bijan: ndiye musatsike. khalani mnyumba. ndikafika ndikawauza ndine

[10:54] Pegah: uli pati

[10:55] Bijan: sindinafike ndi theka lomwe. lole yagwa kutsogoloku, tangoima

[10:55] Pegah: azana ilira usanafike

[10:56] Bijan: ingolira. akapanda kumva yankho aganiza okha

[10:56] Pegah: akapanda kumva yankho ndiye yankho lomwelo

[10:58] Bijan: amayi ndikukupemphani ngati mwana wanu. mawu amodzi basi. vi ni ga

[11:02] Bijan: amayi

[11:03] Amayi Mahvash: ndasamba ndasintha ndikutsika

[11:03] Pegah: mukanena chani

[11:03] Bijan: mukanena chani amayi

[11:04] [Bijan waimba, foni sinayankhidwe]

[11:07] Pegah: asiya foni mnyumba

[11:08] Bijan: anena viniga. akaona nkhope yawo anena viniga. ndi amayi anga

[11:08] Pegah: nchifukwa chake ndikuopa

[11:09] Pegah: a hedi andifunsa kawiri ngati ndikudwala. ndati mmimba

[11:14] Bijan: abwera?

[11:14] Pegah: ndingadziwe bwnj ndili kuno

[11:19] Amayi Mahvash: ndabwera

[11:19] Pegah: ndiye

[11:19] Bijan: mwati chani

[11:22] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 0:58] Ndinatsika ndi viniga pakamwa, Mulungu ndi mboni. Masitepe onse ndimayeserera, viniga, viniga. Watsegula, manja wawatambasula kutali ndi thupi ngati agwira nsomba yowola, akundiyang'ana m'maso. Ndangomva pakamwa panga pakuti, Batul, musaswali nazo. Sambani, sinthani, mkeka ndi chador muchape ndi madzi oyenda, ndi pamene mwaponda ponse. Sindinatchule dzina la chinthucho, sindinatchule dzina la munthu. Wati zikomo. Watseka chitseko.

[11:23] Bijan: mwatipha

[11:23] Pegah: Bijan

[11:23] Bijan: ayi Pegah. atipha. asankha mkeka wa eni ake kusiya msana wanga

[11:24] Amayi Mahvash: ndamva

[11:24] Pegah: sanati kanthu kena? za a Haji?

[11:25] Amayi Mahvash: zikomo yekhayo

[11:25] Pegah: munawapempha kuti asanene?

[11:26] Amayi Mahvash: manyazi anandigwira

[11:27] Pegah: ok. ok. tisataye nthawi. a Haji amafika azana itangolira, kudzaswali ndi kudya. akapeze mnyumba mwathu mulibe kanthu

[11:27] Pegah: amayi zotsala zonse zipite mu toilet

[11:28] Amayi Mahvash: botolo sindingalinyamule

[11:28] Pegah: lipendekeni pangono muzithira mu poto. poto ndi poto

[11:29] Bijan: bokosi lake lili pamwamba pa kabati ya zovala. pepala, mapaketi, kapaipi ka pulasitiki kopopera. zonse mu jumbo yakuda

[11:29] Bijan: mapepala otchani pa chitofu

[11:36] Amayi Mahvash: toilet yatsekeka

[11:36] Pegah: ndi chani

[11:36] Amayi Mahvash: maluwa

[11:37] Amayi Mahvash: madzi ofiira akukwera

[11:37] Pegah: musagujumulenso

[11:37] Pegah: valani jumbo kumanja muvuule maluwawo. kenako muzisefa ndi chosefera mpunga, muyale kansalu mkati. madzi mu sinki, maluwa mu jumbo

[11:38] Bijan: kansalu komweko kamene tikanamangira poyamba

[11:38] Pegah: lero usandiuze za kansalu

[11:46] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 0:33] Yatseguka. Ndikusefa. Maluwa a manja atatu aja afufuma, adzaza jumbo, ngati amaswana m'botolomo. Msana ukundiwawa. Pansipa ndikumva madzi akuthira osalekeza, akuchapa. Akukolopa ndi khonde lomwe. Sanayatse wailesi yake ya mapemphero ija, nyumba ili zii.

[11:47] Bijan: msewu watseguka. ndikuthamanga

[11:47] Pegah: usachite ngozi pamwamba pa zonsezi

[11:52] Amayi Mahvash: azana

[11:53] Pegah: zatsala zambiri?

[11:53] Amayi Mahvash: mapoto anayi kaya asanu

[11:54] Pegah: fungo?

[11:54] Amayi Mahvash: anyezi wapserera lubani watha fungo lilipobe

[12:03] Amayi Mahvash: galimoto ya haji

[12:03] Pegah: Mulungu wanga

[12:04] Bijan: tsekani makatani. botolo litsukeni muthiremo madzi ndi sopo

[12:04] Bijan: jumbo ya maluwa musatsike nayo. ikani mu makina ochapira

[12:09] Pegah: mukumva kanthu?

[12:12] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 0:24, monong'ona] Atuluka pakhonde. Ndikuwaona pa mpata wa katani. Atola duwa limodzi pa chitsulo cha khonde, akulinunkhiza. Ayang'ana kumwamba kuno. Aitana Batul.

[12:12] Pegah: chokanipo pawindo

[12:13] Bijan: akuti chani

[12:14] Amayi Mahvash: alowa atseka

[12:14] Amayi Mahvash: sindikumva

[12:15] Pegah: Bijan ndikuopa

[12:15] Pegah: ndikuopa zenizeni

[12:16] Bijan: mvera. akabwera ndi zanga ndekha. iwe sumadziwa, amayi samadziwa. Kaveh sitimutchula

[12:16] Bijan: ukaweruka usabwere kunyumba. pita kwa azakhali ako mpaka ndikuimbire

[12:17] Pegah: sindikusiya wekha

[12:17] Bijan: mmodzi wa ife akhalebe ndi ntchito. ndamaliza

[12:18] Bijan: amayi zija ndanena zija sindimatanthauza

[12:20] Amayi Mahvash: umatanthauza koma palibe kanthu

[12:21] Amayi Mahvash: akadzafunsa botolo ndi langa ndine wa ku shiraz

[12:21] Bijan: musayerekeze

[12:29] Pegah: kuli bwnj

[12:30] Amayi Mahvash: chete

[12:30] Pegah: galimoto ikadalipo?

[12:31] Amayi Mahvash: ilipo

[12:38] Amayi Mahvash: chitseko chawo chatseguka

[12:38] Amayi Mahvash: wina akukwera

[12:38] Bijan: musatsegule. ndatsala pangono, ndadutsa pa bwalo la Azadi

[12:39] Pegah: ndi angati

[12:39] Pegah: amayi ndi mapazi a anthu angati

[12:39] Amayi Mahvash: agogoda

[12:40] Bijan: MUSATSEGULE

[12:40] [Bijan waimba, foni sinayankhidwe]

[12:42] [Pegah waimba, foni sinayankhidwe]

[12:43] Pegah: atsegula. ndikuwadziwa atsegula

[12:45] Pegah: Bijan uli pati

[12:45] Bijan: pa maloboti a kumsika. pakhomo pakuoneka bwnj sindikudziwa

[12:48] Pegah: amayi chonde ngakhale chilembo chimodzi

[12:53] Amayi Mahvash: [mawu ojambula 1:11] Anali Batul, yekha. Sanalowe. Anaima patali ndi chitseko, atakwinya chovala chake m'manja kuti chisakhudze pansi pathu. Akuti a Haji afunsa za madontho ndi fungo. Wawauza kuti ndimaphika madzi a makangaza pakhonde, ndinaikamo rozi, mphika unandipulumuka. A Haji angoti pepani kwa amayiwo, n'kukhala pansi kudya, chifukwa mkazi wawo chikwatiranireni sanawanamizepo. Wawauza zimenezo atangomaliza kuswali, akadali pa mkeka wobwereka kwa mwana wake. Ndiye akuti, Mahvash, bodza limene munakana kusenza ndasenza ine. Kwa mwana wanu sikubwera munthu. Koma pakhomo panga musadzagogodenso, ndipo tikakumana pamasitepe mundidutse.

[12:54] Pegah: amayi

[12:54] Pegah: pepani amayi

[12:57] Bijan: ndafika pansi. palibe aliyense panja

[12:57] Bijan: ndigogode ndiwathokoze?

[12:58] Amayi Mahvash: dutsa

[13:10] Pegah: Bijan ali bwnj amayi

[13:12] Bijan: adzitsekera kuchipinda. ndawapangira tiyi ndaika pakhomo

[13:31] Pegah: amayi ndaweruka, ndikubwera. ndikugulireni chani panjira

[13:50] Pegah: amayi